Mawu anasandulika mnofu: liwu la Chigiriki limene Yohane anasankha dala

Unali mwezi wa Disembala, mvula itangokata, ndipo tinali pakhonde la tchalitchi tikuwerenga mutu woyamba wa Uthenga Wabwino wa Yohane. Titafika pa vesi 14, paja Buku Lopatulika limati "Mau anasandulika thupi," agogo ena aakazi amene nthawi zambiri amangomvetsera anakonza kukhosi. "Aphunzitsi, pepani, ndifunseko nawo. Kwathu kuno tikati munthu wasanduka fisi, ndiye kuti pamene panali munthu paja tsopano paima fisi. Nanga Mawuwa atasandulika thupi, kumwambako kunatsala ndani?"

Anyamata awiri anayang'anana n'kumwetulira. Koma funso la agogowa silachibwana ayi. Ndi lomweli limene linakanganitsa akuluakulu a mpingo kwa zaka zoposa 300, mpaka mafumu a ufumu wa Rome kulowererapo, ndipo kuti tiliyankhe tiyenera kubwerera ku Chigiriki chimene Yohane analemba.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Liwu limene ophunzira zaumulungu amatchulira chiphunzitsochi, lija Angerezi amati incarnation, mulibemo m'Baibulo. Linachokera ku Chilatini, incarnatio, ndipo pakati pake pali caro, kutanthauza mnofu. Agiriki ali ndi awo: sarkosis ndi ensarkosis, ochokera ku sarx, komanso enanthropesis, lochokera ku anthropos, munthu. Mutafufuza mabuku onse 27 a Chipangano Chatsopano, simupezamo ndi limodzi lomwe mwa mayina amenewa. Anadzapangidwa pambuyo pake ndi Akhristu amene ankafuna dzina lachidule la chinthu chimene atumwi anangochisimba monga nkhani. Zimene zili m'Baibulo ndi chiganizo, ndipo chimamveka chonchi: kai ho logos sarx egeneto kai eskenosen en hemin, ndiko kuti, Mawu anasandulika thupi, nakhazikika pakati pathu. Mtima wa nkhani yonse uli pa liwu lalifupi lija, sarx.

Yohane sanasowe mawu. Akanatha kulemba anthropos, kuti Mawu anakhala munthu, ndipo liwuli analigwiritsa kale ntchito pa vesi 6 ponena za Yohane Mbatizi. Akanathanso kulemba soma, limene ndilo thupi lenilenilo, lathunthu, la mutu ndi manja ndi miyendo. Soma analidziwa bwino, koma m'buku lake lonse amalisungira thupi lokhudzana ndi imfa: kachisi amene adzagwetsedwe pa 2:21, matupi a pamtanda, thupi limene Yosefe wa ku Arimateya anapempha kwa Pilato, ndi malo amene thupilo linagona m'manda. Pa 1:14 anasiya onse awiri n'kutenga sarx.

Sarx ndi mnofu. Ndi chofewa chija chimene chimakuta mafupa, chimene chimatupa njuchi ikakuluma, chimatuluka magazi ukadzitema ndi chikwanje, chimakwinyika ukakalamba, chimaola ukafa. Agiriki ankatcha bokosi la maliro losema pamwala sarkophagos, ndiko kuti chodya mnofu. Si liwu laulemu, ndipo palibe Mgiriki wophunzira amene akanaliika pafupi ndi dzina la Mulungu. Ife tikamva "thupi" timamva liwu lofatsa, loti n'kutchulidwa paguwa popanda munthu kudzidzimuka. Amene anamva Yohane koyamba anamva chinthu chofanana ndi kuti: Mawu anakhala mnofu.

Komabe Yohane anali Myuda, ndipo ngakhale ankalemba m'Chigiriki, khutu lake linakulira m'Malemba a Chiheberi. Kumeneko liwu lake ndi basar. Ayuda a ku Alexandria atayamba kumasulira Malembawo m'Chigiriki, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, m'Baibulo lija limatchedwa Septuagint, malo ambiri amene panali basar anaikapo sarx. Choncho sarx analandira katundu yense wa basar, ndipo katunduyo ngwolemera.

Basar ndi munthu yense, koma womuonera ku mbali ya kufooka kwake. Yesaya 40:6 m'Chiheberi akunena kuti mnofu wonse ndi udzu, ndipo aliyense amene anaonapo tchire lobiriwira la mu Febuluwale litasanduka phulusa mu Okutobala akudziwa zimene mneneriyo akutanthauza. Yoweli akamalonjeza kuti Mzimu adzatsanulidwa pa mnofu wonse, akunena anthu onse, akapolo ndi adzakazi omwe. Yesu m'munda wa Getsemane, atapeza ophunzira ake akuwodzera, anati mzimu ndi wofuna koma sarx ndi wofooka. Sankawanena kuti ndi oipa. Ankanena kuti ndi anthu, ndipo munthu akatopa tulo timamugonjetsa.

Basar ndi chibalenso. Adamu ataona mkazi anati uyu ndiye fupa la mafupa anga, mnofu wa mnofu wanga. Labani polandira Yakobo, mwana wa mlongo wake, anamuuza kuti ndiwe fupa langa ndi mnofu wanga. Pamene ife timati "ndi magazi anga ameneyu," Mheberi amati "ndi mnofu wanga." Ndiye Myuda akamva kuti Mawu anakhala mnofu, akumvanso kuti Mawu analowa m'banja, anakhala wapachibale. Kalata ya kwa Aheberi ikunena zomwezi mosabisa pa mutu 2: popeza anawo ndi a mwazi ndi mnofu, iyenso analawa zomwezo, ndipo sachita manyazi kuwatcha abale. Makolo athu anati chibale n'fupa, sichiola. Mlendo amabwera n'kupita, koma m'bale sungamuchotse m'mtundu ngakhale zitavuta chotani.

Kuti sarx n'chiyani ndinadzamvetsa bwino chaka chimene ndinakhala gadiyani wa amalume anga m'chipatala. Anali munthu wamphamvu, woti thumba la chimanga ankaliponya paphewa yekha osapempha womusenzetsa. M'masabata omaliza ankalephera ngakhale kutembenuka pabedi. M'mamawa ndinkatunga madzi ofunda m'beseni, n'kuwapukuta kumsana ndi kansalu, pang'onopang'ono, kupewa malo amene khungu linayamba kunyuka chifukwa chogonera mbali imodzi. Phala ndinkawamwetsa ndi supuni yaing'ono, ndipo theka linkabwerera pachibwano. Mkono umene unkagwira khasu tsiku lonse unapepuka ngati phesi. Tsiku lina ndikuwasintha chitenje anatembenuzira nkhope kukhoma chifukwa cha manyazi, nati, "Mphwanga, wandionera zambiri." Chimene ndinkasambitsa m'beseni lija, chofooka, chonunkha, chochititsa manyazi mwini wake, chokondedwa, ndicho sarx. Ndicho chimene Yohane akuti Mawu anakhala.

Apa pafunika kusamala pang'ono, chifukwa ambiri a ife liwuli tinalidziwira kwa Paulo. M'Chipangano Chatsopano sarx akupezeka pafupifupi ka 150, ndipo koposa theka ndi m'makalata a Paulo. Iye nthawi zambiri amalipatsa tanthauzo lina: munthu amene wafulatira Mulungu n'kumadzidalira. Taonani "ntchito za thupi" za pa Agalatiya 5. Muli dama ndi kuledzera, inde, komanso muli nsanje, ndewu, magawano ndi kupembedza mafano, zinthu zoti sizichokera m'minofu konse. Yohane 1:14 sakunena sarx wa mtundu umenewo. Sakuti Mawu anakhala wochimwa. Paulo mwiniwake anaponda mosamala pa Aroma 8:3, pamene anati Mulungu anatuma Mwana wake "m'chifaniziro" cha mnofu wa uchimo, ndipo Aheberi 4:15 akuti anayesedwa m'zonse monga ife koma wopanda tchimo. Ndimadandaula ndikamva ulaliki umene umasakaniza ziwirizi mpaka anthu kutuluka m'tchalitchi akuganiza kuti thupi lawo ndi mdani. Chikhristu chimene chimanyansidwa ndi thupi chaiwala vesi lake lomwe.

Za logos, liwu loyamba lija, anthu alembapo mabuku osawerengeka, ndipo pano ndingodutsapo. Kwa Mgiriki, logos anali mawu, komanso nzeru, komanso dongosolo limene limagwira chilengedwe kuti chisabalalike. Heraclitus wa ku Ephesus analankhulapo za zimenezi zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, anzeru otchedwa Asitoiki anazikulitsa, ndipo Philo, Myuda wa ku Alexandria amene anakhala ndi moyo nthawi imodzi ndi Yesu, ankati logos ndiye amene Mulungu analengera dziko. Kwa Myuda wamba, Mawu anali aja a pa Genesis 1, pamene Mulungu anangoti "kuyere" ndipo kunayera. Yohane anayamba buku lake ndi en arche, pachiyambi, mawu omwewo amene amatsegula Genesis m'Chigiriki. Mpaka pa vesi 13, Mgiriki ndi Myuda akanatha kumvetsera limodzi akugwedeza mutu movomereza.

Vesi 14 ndilo linawapatula. Anzeru ambiri a Chigiriki ankaona thupi ngati ndende ya mzimu, ndipo anali ndi kamwambi kosewera ndi mawu, soma sema, thupi ndi manda, kamene kamapezeka m'zolemba za Plato. Kwa iwo chipulumutso chinali kuthawa m'thupi. Tsono wina akubwera n'kunena kuti Nzeru imene inalenga nyenyezi yalowa dala m'malo amene aliyense wanzeru akufuna kutulukamo. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anasimba m'buku lake la Confessions kuti asanatembenuke anawerenga mabuku a otsatira Plato n'kupezamo zofanana ndi zoti pachiyambi panali Mawu ndipo zonse zinalengedwa ndi iye. Koma zoti Mawu anakhala mnofu, anati, sanaziwerengemo.

N'chifukwa chake umodzi mwa mipatuko yoyambirira mu mpingo sunali wokana kuti Yesu ndi wochokera kumwamba. Unali wokana kuti anali ndi mnofu weniweni. Anthuwa amatchedwa ndi dzina lochokera ku liwu la Chigiriki dokein, kuoneka ngati. Ankati Yesu ankangooneka ngati munthu, ngati akudya, ngati akumva ululu, koma zonsezo zinali chigoba chabe. Kalata yoyamba ya Yohane ikulimbana nawo kale: pa 4:2 muyeso wa mzimu woona ndi kuvomereza kuti Yesu Khristu anadza en sarki, mu mnofu, ndipo kalata yachiwiri pa vesi 7 ikutcha okana zimenezi onyenga. Ignatius, bishopu wa ku Antioch, akutengedwa ndi asilikali kupita ku Rome kukaphedwa cha m'ma 110, analembera mipingo makalata m'njira. M'kalata ya kwa Akhristu a ku Tralles anabwereza liwu lakuti "zoonadi" ngati munthu wokhoma msomali: anabadwa zoonadi, anadya ndi kumwa, anazunzidwa zoonadi pansi pa Pontiyo Pilato, anapachikidwa zoonadi ndi kufa. Kenako anafunsa kuti ngati Ambuye anangooneka ngati akuvutika, nanga iye wamangidwiranji maunyolo? Funso la munthu amene akudziwa kuti zilombo zimene zikumudikira zidzaluma mnofu weniweni.

Tertullian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, analemba buku lathunthu lotchedwa De carne Christi, za mnofu wa Khristu, potsutsa Marcion ndi ena amene ankaona kuti n'zonyazitsa kuti Mulungu akhale m'mimba mwa mkazi. Tertullian sanazembe. Anafotokoza za mimba, za madzi ndi magazi a pobereka, za khanda losambitsidwa ndi kukulungidwa m'nsalu, n'kunena kuti munthu wobadwa chotero ndi amene Khristu anamukonda. Azamba ndi amayi onse amene analowapo m'chikuta akudziwa zimene ankanena.

Panalinso wina dzina lake Cerinthus, amene maganizo ake tiyenera kuwatchera khutu chifukwa ali pafupi ndi zimene timazidziwa kwathu. Malinga ndi Irenaeus wa ku Lyon, amene analemba cha m'ma 180, Cerinthus ankaphunzitsa kuti Yesu anali munthu wamba, mwana wa Yosefe ndi Mariya, ndipo Khristu wakumwamba anamutsikira pa ubatizo, n'kumuchokera asanapachikidwe. N'chimodzimodzi mzimu umene umagwira munthu, n'kulankhula kudzera pakamwa pake, kenako n'kumusiya ali lefu pansi. Anthu ambiri, ngakhale opemphera, akamaganiza za Yesu chithunzi chimene chili m'mutu mwawo n'chimenechi. Koma Yohane sanalembe kuti Mawu analowa mu mnofu, kapena kuti anavala mnofu, kapena anagwira munthu wina. Analemba egeneto.

Apa ndiye tafika pa funso la agogo aja. Egeneto amachokera ku mneni ginomai, kukhala chimene sunali, kuchitika, kuyamba kukhalapo. M'mavesi oyamba a mutuwu Yohane akusewera ndi aneni awiri. Ponena za Mawu akugwiritsa ntchito liwu lakuti en, "anali": pachiyambi anali, anali kwa Mulungu, anali Mulungu. Palibe poyambira. Ponena za zolengedwa akugwiritsa ntchito egeneto: zonse zinakhalapo mwa iye, kunakhala munthu wotumidwa ndi Mulungu dzina lake Yohane. "Anali" ndi wa Mlengi, egeneto ndi wa zolengedwa, ndipo mizere iwiriyi ikuyenda yosakhudzana kufikira vesi 14, pamene mwadzidzidzi mneni wa zolengedwa waikidwa pa Mawu. Iye amene sanayambepo wakhala ndi tsiku lobadwa.

Kodi mneniyu amatanthauza kusanduka monga agogo anamvera? Nthawi zina inde. Septuagint imati mkazi wa Loti egeneto chulu cha mchere, ndipo pa ukwati wa ku Kana mneni yemweyu akugwiritsidwa ntchito ponena za madzi amene anakhala vinyo. Pamenepo chakale chatha, chatsopano chalowa m'malo. Koma sikuti nthawi zonse zimatero. Mavesi awiri okha m'mbuyo, pa 1:12, Yohane akuti olandira Mawu anapatsidwa mphamvu ya kukhala ana a Mulungu, ndipo mneni wake ndi yemweyu. Munthu akakhala mwana wa Mulungu saleka kukhala munthu. Nafenso timatero. Mtsikana akabereka timati wakhala mayi, ndipo wakhaladi, osati mongoyerekeza, moyo wake wonse sudzabwereranso mwakale, koma ndi yemwe uja, mwana wa makolo ake, dzina lake lomwe lija. Vesi lenilenilo likutithandiza kusankha, pakuti likupitiriza kuti "tinaona ulemerero wake." Akanakhala kuti Mawu anathera mu mnofu monga madzi anathera mu vinyo, sipakanakhala ulemerero woti n'kuuona. Ndipo m'buku lonseli Yesu akupemphera kwa Atate, kutanthauza kuti kumwamba sikunatsale kopanda mwini.

Omasulira Baibulo m'Chichewa anakumana ndi phiri limeneli. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri yotsogozedwa ndi William Murray, linasunga mnofu wa Chigiriki ponena kuti "thupi." Buku Loyera la 1998 linasankha kunena kuti anasanduka "munthu." Ena amakangana kuti lolondola ndi liti. Ine ndimaona kuti onse awiri agwira mbali ya choonadi, ndipo mbiri ya mpingo ikusonyeza chifukwa chake mbali ziwirizi zimafunana.

Mu 325 mfumu Constantine inaitanitsa mabishopu ku Nicaea, tauni imene lero ili m'dziko la Turkey ndipo imatchedwa İznik. Nkhani yaikulu inali ya Arius, wansembe wa ku Alexandria, amene ankati Mwana ndi wolengedwa, ndipo inalipo nthawi imene kunalibe iye. Msonkhanowo unakana zimenezi. Koma m'chikhulupiriro chimene analemba, pofika pa kubwera kwa Mwana, anaika mawu awiri motsatizana: sarkothenta, anakhala mnofu, ndi enanthropesanta, anakhala munthu. Poyamba zimaoneka ngati kubwereza. Patangopita zaka makumi ochepa zinadziwika kuti liwu lachiwirilo linali lofunika.

Apollinaris, bishopu wa ku Laodicea ku Syria, anali munthu wophunzira kwambiri, mnzake wa Athanasius wa ku Alexandria pa nkhondo yolimbana ndi chiphunzitso cha Arius. Iye anawerenga sarx mopanikiza. Anati Yohane wanena mnofu, sananene nzeru kapena mtima wa munthu, choncho mwa Yesu thupi linali la munthu koma m'malo mwa maganizo a umunthu munakhala Mawu. Tinganene kuti Mulungu woyendetsa thupi monga dalaivala ayendetsera galimoto. Zimamveka zaulemu, ndipo ndikukhulupirira kuti Akhristu ambiri lero amaganiza chomwechi osadziwa kuti mpingo unachikana. Vuto lake n'lakuti Apollinaris anamva sarx ndi khutu la Chigiriki lokha, n'kuiwala basar, amene ndi munthu yense. Yesu wa Apollinaris sangakule m'nzeru monga Luka 2:52 anenera. Sangazizwe, sangachite mantha, sanganene ku Getsemane kuti moyo wanga uli wozingidwa ndi chisoni kufikira imfa. Gregory wa ku Nazianzus anamuyankha m'kalata yake kwa wansembe Cledonius ndi mfundo imene yakhala ikubwerezedwa mpaka lero: chimene Khristu sanachitenge, sanachichiritse. Ngati uchimo ndi mantha ndi chisokonezo zimakhala m'maganizo mwathu, ndiye kuti Mpulumutsi wopanda maganizo a munthu wasiya bala lalikulu osalimanga. Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unakana chiphunzitso cha Apollinaris.

Mikangano sinathere pomwepo. Ku Ephesus mu 431 nkhani inali ya mabishopu awiri, Nestorius wa ku Constantinople ndi Cyril wa ku Alexandria, yakuti kodi Mariya angatchedwe Theotokos, wobala Mulungu, ndipo msonkhano unavomereza dzinali pofuna kuteteza mfundo yakuti wobadwayo ndi mmodzi, si awiri ogundizana. Ku Chalcedon mu 451, tsidya lina la nyanja kuchokera ku Constantinople, mabishopu ananena kuti Khristu ndi mmodzi m'zikhalidwe ziwiri, umulungu ndi umunthu, popanda kusakanizika, popanda kusinthika, popanda kugawanika, popanda kulekana. Liwu lachiwirilo, atreptos, popanda kusinthika, ndilo yankho la mpingo wakale kwa agogo a pakhonde paja: anakhala chimene sanali, osaleka kukhala chimene anali. Mipingo ya ku Egypt, Ethiopia, Syria ndi Armenia sinalandire mawu a ku Chalcedon, poopa kuti kunena "ziwiri" kukugawa Khristu, ndipo kupatukana kumeneko kulipo mpaka lero. Dzina la mpingo wa ku Ethiopia, Tewahedo, limatanthauza kukhala chimodzi. Koma nawonso amavomereza ndi mtima wonse kuti mnofu wa Yesu unali weniweni ndipo umulungu wake sunachepe.

Ena amathamangira ku Afilipi 2:7, pamene Paulo akuti ekenosen, "anadzikhuthula yekha," n'kumati pamenepa ndiye kuti anataya umulungu monga munthu akhuthulira madzi mu mtsuko. Akatswiri ena a ku Germany m'zaka za m'ma 1800, monga Gottfried Thomasius, anayesa kufotokoza kuti ndi mphamvu ziti zimene anasiya. Koma Paulo sakutchula chinthu chimene chinatayidwa. Akufotokoza kudzikhuthulako ndi mawu otsatira: natenga maonekedwe a kapolo. Anadzikhuthula potenga, osati potaya. Tiyeneranso kukumbukira kuti si onse oyandikana nafe amene amawerenga mavesiwa chonchi. Abale athu Achisilamu amalemekeza Yesu, amene amamutcha Isa, monga mneneri, ndipo Korani imamutcha mawu ochokera kwa Mulungu, koma imakana kuti Mulungu angakhale munthu. A Mboni za Yehova amakhulupirira kuti Mawu ndi woyamba kulengedwa. Kudziwa pamene pali kusiyana kwenikweni kumathandiza kuti tikamakambirana pa minibasi kapena pamaliro tisamangokuwizana.

Latsala liwu limodzi, ndipo kwa ine ndi lokoma kuposa onse. Eskenosen, limene Buku Lopatulika linati "nakhazikika," likuchokera ku skene, hema kapena msasa. Kunena mwachindunji, Mawu anamanga msasa pakati pathu. Ndi banja limodzi la mawu ndi ntchito ya Paulo yosoka mahema pa Machitidwe 18:3, ndi misasa itatu imene Petro anafuna kumanga paphiri. Aliyense amene anagonapo mumsasa wa kudimba polondera mbewu, kapena m'misasa ya asodzi m'mbali mwa nyanja, akudziwa kuti mumsasa mulibe chitseko chokhoma. Mvula ikagwa yopingasa nonse munyowa, udzudzu ukabwera suyang'ana kuti wamkulu ndani, ndipo utsi wa moto umodzi umalowa m'maso mwa aliyense.

Komatu msasawu sukutanthauza kuti anangodutsa ngati wapaulendo. Myuda akamva skene amakumbukira chihema chokomanako cha m'chipululu, chimene m'Chiheberi ndi mishkan, kuchokera ku mneni shakan, kukhala. Taonani zilembo zake: s, k, n m'Chigiriki, sh, k, n m'Chiheberi. Akatswiri ambiri amaona kuti Myuda wolankhula zinenero ziwirizi sakanalephera kumva kufananaku. Kuchokera ku mneni yemweyu aphunzitsi a Chiyuda a pambuyo pake anapanga liwu lakuti shekinah, kukhalapo kwa Mulungu pakati pa anthu ake. Pa Eksodo 25:8 Mulungu anati andimangire malo opatulika kuti ndikhale pakati pawo. Pa Numeri 2 chihemacho chili pakatikati pa msasa wa Aisraeli, mafuko atatu mbali iliyonse. Pa Eksodo 40 chihema chitatha, mtambo unachiphimba, ulemerero unadzaza, ndipo Mose yemwe sanathe kulowamo. Mose yemweyo anapempha kuona ulemerero wa Mulungu, nauzidwa kuti munthu sangaone nkhope yake n'kukhala ndi moyo. Anabisidwa m'phanga la thanthwe n'kumva dzina likulengezedwa, la Mulungu wodzala ndi chifundo ndi choonadi.

Tsopano werenganinso vesi la Yohane. Anamanga chihema pakati pathu, tinaona ulemerero wake, wodzala ndi chisomo ndi choonadi. Ndi nkhani ya Eksodo yomwe ija, koma chihema tsopano si cha nsalu ndi ubweya wa mbuzi. Chihema ndi mnofu. Ulemerero umene unatsekereza Mose pakhomo tsopano wakhala pansi pachitsime cha Yakobo dzuwa lili paliwombo, wotopa ndi ulendo, n'kupempha mayi wa ku Samariya kuti aupatseko madzi akumwa. Ukulira misozi pamanda a Lazaro. Pamtanda ukuti "ndimva ludzu," ndipo msilikali atabaya nthiti ndi mkondo mukutuluka magazi ndi madzi. N'zochititsa chidwi kuti Uthenga Wabwino umene umakweza Yesu pamwamba kuposa ena onse ndi womwewonso umene umatisonyeza kutopa kwake. Pa mutu 6 Yohane akubwereza sarx kangapo, pamene Yesu akuti mkate umene adzapereke ndi mnofu wake, mpaka ophunzira ambiri anati mawuwa ndi olimba, nabwerera osayendanso naye. Mneni uja wa kumanga msasa akupezeka kasanu kokha m'Chipangano Chatsopano: pano, ndi kanayi m'Chivumbulutso, ndipo komaliza ndi pa 21:3, pamene liwu lochokera ku mpando wachifumu likuti chihema cha Mulungu chili ndi anthu, ndipo adzakhala nawo.

Agogo aja nditawafotokozera za mtsikana amene wakhala mayi, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsanso: "Nanga atauka kwa akufa, mnofuwo anausiya m'manda?" Tinatsegula Luka 24. Ophunzira atamuona anaopa, poyesa kuti akuona mzukwa. Iye anawauza kuti amukhudze, pakuti mzimu ulibe mnofu ndi mafupa monga akuona iye ali nazo, ndipo liwu la Chigiriki pamenepo ndi sarx yemwe uja. Anawaonetsa manja ndi mapazi. Iwo ali chikayikire chifukwa cha chimwemwe, anawafunsa ngati ali ndi kanthu kakudya pamenepo. Anamupatsa chidutswa cha nsomba yootcha, ndipo anachilandira n'kudya iwo akuona.